Masiku Khumi a Kawailesi

Cholembera chofiira si chinthu cholemera, koma masana a Lachinayi limenelo Madamu ankachigwira ngati wanyamula mpini wa khasu. Ana onse a kalasi yachinayi anali atabalalika belu litangolira, kupatula mmodzi. Ameneyo anaima pafupi ndi tebulo, chikwama kumsana, manja kumbuyo, kudikira kope lake.

Sukulu yonse inkamutcha Kawailesi, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Kamtsikana kameneka kankatha kutsanzira mawu a munthu aliyense. Madamu akangotembenukira ku bolodi, kumbuyo kunkamveka Ahedi akutsokomola n'kunena kuti "ana inu, ana inu," kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Tsiku lina anatsanzira kulira kwa foni ya Madamu mpaka mwiniwake anakhuthula chikwama chonse patebulo. Kumukalipira kunakanika. Kumuimika pakona ndiye kunali kumupatsa siteji.

Kenako kunabwera bambo ake, telala wa mumsewu wopita kumsika, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Anakhala pakampando ka ana, maondo ali m'mwamba, n'kuulula kuti kunyumba mwanayo salankhula n'komwe, phokoso lonse amalisungira kusukulu. Madamu anamusunthira Kawailesi kutsogolo, n'kumupatsa mphindi zisanu zomaliza za tsiku kuti aziwerenga "nkhani" pamaso pa anzake, bola akhale atasunga pakamwa nthawi ya maphunziro. Telala analonjeza kuti madzulo aliwonse azisiya makina n'kumvetsera mwana wake. Ndipo panali kope. Madamu azilembamo tsiku lililonse mmene mwana wachitira, bambo azisaina, Lachisanu lililonse azikumana m'kalasi kuti aone pamene afika. Mwana akangokwanitsa masiku khumi otsatizana popanda cholakwa, kope litsekedwe, misonkhano ya Lachisanu ithe.

Njirayo inagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo vuto linagona pomwepo.

Pansi pa siginecha yake Telala anayamba kuwonjezera timawu. "Zikomo Madamu, koma batani la malaya anu a buluu latsala pang'ono kugwa." Madamu anayankha ndi inki yofiira kuti, "Bambo, maso anu azikhala pa mwana." M'mawa mwake kope linabwera ndi mawu atatu okha: "Ndili nawo awiri." Madamu anawerenga mawuwo kasanu, n'kuphunzitsa masamu tsiku lonse akumwetulira ngati wopepera. Koma Telala sanapitirire pamenepo. Miyezi itatu yathunthu munthuyu ankafika Lachisanu, kukamba za mwana, kuseka pang'ono, kuyang'ana pansi, n'kutsanzika. Popanda kope lija, Madamu sankaona chimene chikanamubweretsanso m'kalasimo.

Ndiye kawiri konse, Kawailesi atatsala ndi tsiku limodzi kuti akwanitse khumi, Madamu anali atalemba cholakwa chimene sichinachitike. Lero linalinso tsiku lotero. Anadziuza kuti aka n'komaliza, monga anadziuzira ulendo watha, n'kulemba kuti: "Lero watsanzira Ahedi nthawi ya masamu. Tiyambirenso kuwerenga."

Mwanayo analandira kope ndi manja awiri. Anawerenga, n'kuyang'ana Madamu kwa kanthawi.

"Zikomo, Madamu," anatero ndi mawu akeake, n'kutuluka.

Tisamunamizire Madamu kuti anali woipa mtima. Anali wamantha, ndipo mantha a munthu wa zaka makumi atatu ndi zinayi amene wayamba kukonda mochedwa amachititsa zinthu zopusa. Koma chilungamo chake n'chakuti tsiku lonselo Kawailesi sanatsegule pakamwa.

* * *

Lachisanu Madamu anavala ndolo zake zazing'ono, monga ankachitira Lachisanu lililonse, akudziuza kuti zangochitika. Ana atatuluka anasasa choko m'manja n'kuika mipando iwiri moyang'anizana. Koma pakhomo panatulukira anthu awiri.

Telala analowa tepi yoyezera ili m'khosi, ataiiwala monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwake kunali mkazi wamtali, wovala mwaudongo, amene fungo la mafuta ake linafika pabolodi iye asanadutse desiki yoyamba.

"Madamu, awa ndi alamu anga," anatero Telala, maso ali pansi. "Ang'ono awo a malemu mayi a mwanayu."

"Takulandirani, mayi. Khalani apa."

"Ndiima, timipando ta ana timandithyola msana." Mlamuyo anapisa m'chikwama chake n'kutulutsa kope la Kawailesi. "Ndiye ndinu Madamu a malaya a buluu? Ndakhala ndikukuwerengani. Kalembedwe kanu n'kokongola."

Madamu anamva nkhope ikutentha mpaka m'makutu momwe munali ndolo.

"Sindinabwere kudzakangana ayi," anapitiriza Mlamu, akutsegula masamba ndi chikhadabo chopaka utoto. "Ndabwera kudzathokoza. Pakanapanda kope lanuli, ife akuchikazi tikanadziwa bwanji kuti mwana wa achemwali anga akuwonongeka? Miyezi itatu, masiku khumi okha akumukanika. Kawiri anafika pakhomo penipeni n'kugwa, dzulo kachitatu. Mwana wamkazi sangaleredwe ndi makina osokera."

"Alamu, chonde," anatero Telala.

"Ndikunama kodi? Si inu nomwe munavomera pamaso pa achemwali anu kuti teremu ino ikatha zinthu zisanasinthe, mwana ndimutenge ine? Teremu yatsala ndi masiku asanu. Khumiwo achokera kuti?"

Madamu anatembenukira kwa Telala. "Bambo, zimenezi simunandiuzepo."

"Sindinafune kukusenzetsani katundu wa kwathu. Ndinkati akwanitsa." Telala anakoka tepi ija m'khosi n'kuyamba kuikulunga pachala. "Ndimamuona akuyesetsa, Madamu. M'mawa amachita kudzilankhulira pagalasi kuti lero ndikhala chete. Kaya chimamugwira n'chiyani tsiku lomalizalo, ine mutu wanga waima."

"Kwanu n'kutali, mayi?" anafunsa Madamu.

"Maola anayi pabasi. Sukulu zabwino ziliko, musadandaule." Mlamu anabwezera kope m'chikwama. "Lamlungu masana tikumana kunyumba kwa alamu, achemwali awo adzakhalapo. Mubwere mudzanene nokha zimene mwaona. Mawu a mphunzitsi sakanidwa."

Atatuluka, Madamu anakhala pampando umodzi mwa iwiri ija. Anavula ndolo n'kuziponya m'kabokosi ka choko.

* * *

Loweruka m'mawa foni inalira ali pakati pochapa. Unali uthenga wa Telala.

"Madamu, pepani za dzulo. Alamu anga pakamwa pawo palibe zipi."

Madamu anapukuta manja pasiketi n'kulemba kuti, "Bambo, pali chimene ndiyenera kukuuzani." Anafufuta. Analemba kuti, "Mwana sanalakwe." Anayang'ana mawu awiriwo mpaka foni inazima yokha, n'kuwafufutanso. Chimene anatumiza chinali chakuti, "Palibe kanthu, bambo."

Yankho silinachedwe. "Musadziimbe mlandu. Inu mbali yanu mwaichita yonse. Wolephera ndine."

Apa Madamu analira, zovala zili m'beseni, sopo akuuma m'manja. Atatha kulira anatenga siketi yabwinobwino, anasomola yekha ulusi wa m'mphepete kuti apeze chonamizira, n'kulunjika kushopu ya Telala. Ngakhale popita kukaulula bodza, munthuyu ananyamula bodza lina m'pepala.

Telala kunalibe. Pakhonde pa shopu panali Kawailesi, atakhala pansi ndi chitini cha mabatani, akuwasankha mitundu.

"Adadi apita kukagula ulusi," anatero mwanayo ataimirira mwaulemu. "Akuti sachedwa."

Madamu anasuzumira m'kati. Makina anali ataphimbidwa ndi nsalu, pansi pali tizidutswa ta mitundumitundu. Pakhoma panapachikidwa diresi laling'ono lachikasu, lodulidwa kale, logwiridwa ndi mapini okhaokha.

"Nsaluyo inali ya amayi," anatero Kawailesi ataona kumene maso a Madamu aima. "Adadi anati alisoka tsiku lateni."

Madamu anakhala pasitepe, pafupi ndi chitini chija. "Kawailesi, Lachinayi lija..."

"Sindinalankhule."

"Ndikudziwa."

Mwanayo anatola batani lofiira n'kuliika pamulu wa ofiira anzake. "Ulendo woyamba ndinawauza adadi. Anati aphunzitsi sanama, wabodza ndine. Anati bodza ndi loipa kuposa phokoso, ndipo tsiku limenelo sanandimvetsere nkhani zanga. Ndiye ulendo wachiwiri sindinanenenso kanthu."

"Nanga bwanji sunandifunse ine?"

Kawailesi anakweza mapewa. Kenako anawongola khosi, anagwira khutu ndi zala ziwiri ngati akukonza ndolo, n'kutulutsa mawu ofewa, otsetsereka: "Lowani bambo. Samalani ndi desikiyo, bambo, ili ndi msomali."

Anali mawu a Madamu enieni, osasiyana ngakhale pang'ono. Tsiku lina akanaseka.

"Ife tikakhalapo simulankhula choncho," anatero mwanayo atabwerera ku mawu ake. "Ndinaona kuti mukufuna adadi azibwerabe. Inenso ndimafuna. Tikamachokera kwa inu amaimba mluzu njira yonse. Koma sindinadziwe kuti ndipita kwa amayi aang'ono." Anasiya mabatani. "Madamu, ndikapita, adadi azilankhula ndi ndani?"

Madamu anafuna kumukumbatira, koma anaona kuti alibe ufulu umenewo. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi anali atamusungira chinsinsi, akulipira ndi mbiri yake, pamene iye wamkulu ankavala ndolo.

"Supita," anatero. "Wamva? Supita."

Chanzeru chinali kudikira Telala pomwepo, kumuuza ali awiri, kulandira ukali wake popanda mboni. Madamu anadziwa zimenezo. Koma atamuona patali akuwoloka msewu ndi kathumba ka ulusi, mantha omwe aja anamudzutsa pasitepe. Anazemba kuseri kwa mashopu, siketi yake yosomola ili m'khwapa.

* * *

Lamlungu masana pabalaza pa Telala panali potentha. Mipando inali yovekedwa nsalu zolumikiza kuchokera ku zidutswa za kushopu, zosokedwa mwaluso kwambiri moti munthu ankachita manyazi kukhalapo. Pamwamba pa kabati panali chithunzi cha malemu, akumwetulira mofanana ndi mwana wawo. Kawailesi anali atatumizidwa kwa aneba.

Pampando waukulu panakhala achemwali ake a Telala, mayi wathupi amene anamulera Telalayo makolo awo atamwalira, ndipo mpaka lero ankamuyang'ana ngati angagwe pampando. Mlamu anakhala pafupi nawo, kope lili pamwendo.

"Aphunzitsi, takuvutitsani pa tsiku lopuma," anayamba Achemwali. "Ife sitikufuna zambiri. Mwanayu mwakhala naye, mwamuyesa njira zonse. Mutiuze mosabisa, pali chiyembekezo kuti angasinthe ali m'manja mwa mchimwene wangayu?"

Telala anakhala pakampando pafupi ndi chitseko, manja ali pakati pa maondo. Anayang'ana Madamu ndi maso a munthu amene wavomera kale kugonja, ndipo anamugwedezera mutu pang'ono, ngati akumuuza kuti nenani, sindikwiya.

"Mwanayu anasintha kalekale, mayi," anatero Madamu.

"Kope likunena zina," anatero Mlamu.

"Kope likunama. Ndinanama ndine." Madamu anakweza mutu. "Masiku khumi anawakwanitsa mwezi woyamba womwe. Zolakwa zitatu zimene zili mmenemo, za kutsanzira Ahedi, za kuimba nthawi ya mayeso, za kuseketsa anzake, palibe ngakhale chimodzi chimene anachita. Ndinazipeka."

Panja wina ankamenya kapeti pachingwe.

"Munazipeka," anabwereza Achemwali pang'onopang'ono. "Chifukwa chiyani? Mwanayu anakulakwirani?"

"Ayi, mayi."

"Nanga?"

Madamu anayang'ana pansi, pomwe panali ulusi woyera utamatirira pa nsapato yake. "Kope likanatsekedwa, bambo akewa sakanabweranso Lachisanu."

Mlamu anaomba m'manja kamodzi n'kuseka chikhakhali. "Mwamva, achemwali? Ndinanena ine kuti za mabatanizi zili ndi mutu wake! Mwana wamasiye akusandutsidwa nyambo. Mphunzitsi wathunthu, wa cholembera chofiira!"

"Alamu, kwanira," anatero Achemwali, koma nkhope yawo inali itauma. "Aphunzitsi, ine ndine mkazi mnzanu, mtima ndikuudziwa. Koma mtima umenewo mukanaunyamula nokha. Mwausenzetsa mwana."

"Ndikuvomera, mayi. Chilango chilichonse chibwere kwa ine. Koma mwana musamuchotse kwa bambo ake. Munthuyu amasiya makina madzulo aliwonse, ntchito ili mbwee, kuti amvetsere mwana akuwerenga nkhani zopeka. Ine ana ndaphunzitsa ambiri, makolo ndaona ambiri, koma wotere sindinamuonepo."

Telala atalankhula, mawu ake anali otsika kwambiri moti onse anachita kutchera khutu.

"Ndinamutcha wabodza."

Onse anatembenukira kwa Telala, iye n'kupitiriza.

"Anabwera akulira, akuti adadi sindinachite. Ine ndinati khala chete, aphunzitsi sanama. Ndinamuuza kuti amayi ake akanachita naye manyazi." Anakweza maso kuyang'ana chithunzi cha pakabati, n'kuwatsitsanso. "Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, Madamu. Pa mwana amene ankanena zoona."

Achemwali anapuma mozama. "Ngati zili choncho, mwana sachoka. Pangano linali la khalidwe lake, ndipo khalidwe lake lilibe mlandu. Zotsalazo n'zapabanja, tikambirana tokha. Aphunzitsi, mutha kupita."

* * *

Telala anamuperekeza mpaka pageti, chifukwa ulemu wake sunkatha ngakhale atapsa mtima. Anayenda motalikirana, dzuwa likuwawotcha m'mutu.

"Bambo, ndikanakuuzani dzulo," anatero Madamu atafika pageti. "Ndinabwera kushopu, ndinakuonani mukubwera, ndinathawa. Pepani. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa abale anu."

"Manyazi si kanthu. Amatha."

"Ndikhululukireni."

Telala anagwira chitsulo cha geti n'kuyang'ana mumsewu, momwe munkadutsa munthu wokankha njinga yophwa tayala. "Mukudziwa chifukwa chimene sindinkanenera kanthu miyezi yonseyi?"

Madamu anapukusa mutu.

"Ndinkaona kuti si bwino kufunsira mphunzitsi pamene mwana wanga ali pansi pa cholembera chake. Anthu akanati ndikugula mamalikisi. Inunso mukanavutika kulemba zoona za mwana wa munthu amene mukuyenda naye. Ndiye ndinadziuza kuti ndidikire kope litsekedwe. Tsiku lakhumi ndidzalowa m'kalasi muja osati ngati kholo, ndidzanena zimene zili kumtima kwanga." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Katatu konse ndinasita malaya Lachinayi m'mawa. Katatu konse mwana anabwera ndi kope lonena kuti tiyambirenso."

Madamu anagwira geti lomwelo, zala zake zili pafupi ndi za Telala, koma osakhudzana. Chinthu chimene ankachiopa kuti chitha chinali chitaima pakhomo kudikira kuyamba, ndipo amene ankachitsekera panja anali iye mwini, ndi dzanja lake, ndi inki yake. Chisoni chimene anamva pamenepo chinaposa manyazi onse a pabalaza paja.

"Nanga tsopano?" anafunsa monong'ona.

"Tsopano ndikapepese kwa mwana wanga. Sindikudziwa kuti ndiyambira pati." Telala anatsegula geti. "Za ine ndi inu musandifunse lero, Madamu. Ndikayankha lero ndiyankha zoipa."

Madamu anatuluka. Atayenda pang'ono anacheuka, koma Telala anali atalowera kale kwa aneba kukatenga mwana.

* * *

Lolemba Madamu anafika kusukulu maso ali otupa. Foni anali ataiyang'ana kosawerengeka, koma munalibe uthenga uliwonse. Anadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: mwana sapita. Ngakhale zina zonse zitawonongeka, chimenecho anali atachikonza. Ndipo mawu akuti "musandifunse lero" anali ndi kakhomo kotseguka pang'ono, koti munthu woleza mtima akhoza kudikirapo.

Belu loyamba lisanalire anaona Kawailesi akubwera pabwalo, tsitsi lake litalukidwa mwatsopano, mizere yowongoka bwino imene dzanja la bambo silingathe. Amene anamugwira dzanja sanali Telala.

"Lowa, mwanawe, ndilankhule ndi aphunzitsi ako," anatero Mlamu atafika pakhomo pa kalasi. Kawailesi anadutsa pafupi ndi Madamu osakweza maso.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndimayesa mwabwerera dzulo."

"Kubwerera kuti?" Mlamu anamwetulira mokoma. "Dzulo mutachoka tinakhala pansi. Achemwali awo anati mwana asachoke, ine ndinavomera, sindine munthu wamakani. Koma anaonanso kuti alamu anga ndi munthu wofewa, wonamizika msanga, ndipo nyumba yopanda mkazi akazi ena amaiona ngati yopanda chitseko. Ndiye anati ngati mwana sapita kwa mayi ake aang'ono, mayi ake aang'ono abwere kwa mwana."

Madamu anagwira chitseko cha kalasi. "Bambo ake avomera?"

"Akanakana ndi pakamwa pati? Munawatseka pakamwa ndinu." Mlamu anatsegula chikwama kufuna kansalu kopukutira thukuta, ndipo Madamu anaona m'katimo makiyi a nyumba atamangidwa pa kachidutswa ka nsalu ya kushopu. "Katundu wanga afika Lachitatu. Pakadali pano ndikugona m'chipinda cha achemwali anga chosungiramo zovala, ndachikonza bwino."

"Ndikufuna kulankhula nawo."

"Za mwana muziuza ine, ndine ndizibwera. Zina zimene si za mwana, sindikuganiza kuti zilipo." Anatsitsa mawu, n'kuyandikira mpaka fungo la mafuta ake linamutsamwitsa Madamu. "Ahedi anu sindinawaone. Ndimati ndiwapatse moni lero, koma ndaganiza kuti ndidikire kaye, ndione mmene inu muyendere. Mukakhala kutali ndi geti lathu, inenso ndikhala kutali ndi ofesi yawo. Tamvana, eti?"

Sanadikire yankho. Anatembenuka n'kudutsa pabwalo, nsapato zake zikugogoda pasimenti, akupatsa moni aphunzitsi ena ngati munthu amene adzakhala akubwera kawirikawiri.

Belu linalira. Madamu analowa m'kalasi, ana makumi anayi n'kuimirira kumupatsa moni. Anatenga choko n'kutembenukira ku bolodi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito analakalaka kuti kumbuyo kwake kumveke phokoso, Ahedi atsokomole, foni yabodza ilire, chilichonse chomuuza kuti mwana uja akadali naye mawu.

Kawailesi anakhala pa desiki yakutsogolo, manja atapinda, ali chete monga Madamu anamuphunzitsira. Mphindi zisanu zomaliza za tsikulo zitakwana, Madamu anamuitana kuti adzawerenge nkhani.

"Lero kulibe nkhani, Madamu," anatero mwanayo. "Amayi aang'ono akuti mtsikana wabwino sachita zimenezo."